sRGB kapena Adobe RGB pa kamera: iti isiyidwe yoyatsa?

Mu menyu ya kamera ya Canon, Nikon, Sony kapena Fujifilm muli mzere wolembedwa Color space, kutanthauza njira yolembera mitundu m'fayilo ya chithunzi, ndipo pamenepo mumasankha pakati pa sRGB ndi Adobe RGB. Ojambula ongoyamba kumene amauzidwa kawirikawiri kuti Adobe RGB ndi ya akatswiri chifukwa imanyamula mitundu yambiri. Zoti imanyamula mitundu yambiri ndi zoona. Koma langizo limeneli likaperekedwa osafotokoza zotsatira zake ndi loipa, ndipo amene amalira nalo ndi kasitomala amene walipira kale.

sRGB inapangidwa ndi HP pamodzi ndi Microsoft mu 1996, ndipo ndi imene foni, intaneti ndi makina ambiri otsukira zithunzi amayembekezera. Adobe RGB inabwera mu 1998 poganizira anthu osindikiza mabuku ndi magazini. Malo ake owonjezera ali kumbali ya zobiriwira ndi mtundu uja wapakati pa kubiriwira ndi buluu, ngati wa madzi osaya a ku Cape Maclear dzuwa likakhala pamutu. Pa zofiira ndi zabuluu phindu lake ndi lochepa kwambiri. Pa khungu la munthu palibe phindu ngakhale pang'ono, chifukwa mitundu yonse ya khungu imakwana bwinobwino mu sRGB.

Vuto lagona pa manambala. JPEG imasunga mtundu wa kadontho kalikonse ngati manambala atatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Manambalawo paokha sanena mtundu, amafunika chowamasulira. Kufiira kumene sRGB imalemba 255, 0, 0, Adobe RGB imakulemba pafupifupi 219, 0, 0. Kubiriwira kwa 0, 255, 0 kumakhala pafupifupi 144, 255, 60. Ndiye foni ikalandira chithunzi cha Adobe RGB n'kuchiwerenga ngati sRGB, 219 uja imamuonetsa ngati kufiira kofooka, ndipo zobiriwira zimasakanikirana ndi mitundu ina n'kukhala mbee. Chitenje chofiira cha pachinkhoswe chimaoneka ngati chachapidwa chaka chonse n'kusuluka. Nkhope zimatuwa, milomo imazilala, keke imaoneka ya dzana. Pa kamera chithunzi chomwecho chinali chokongola, chifukwa kamera imadziwa chimene inalemba.

Chowawa kwambiri n'chakuti makamera ambiri saika ICC profile, chomasulira manambala chija, m'fayilo ya JPEG. Mabuku a makamera a Canon amanena poyera kuti ICC profile siikidwamo. Kamera imangosiya kachizindikiro mu EXIF, malo a m'fayilo amene kamera imalembamo zokhudza chithunzicho, ndipo si pulogalamu iliyonse imene imakawerenga. Photoshop ndi Lightroom zimakazindikira, ndiye pa kompyuta yanu zonse zimaoneka bwino ndipo simukayikira kanthu. Koma chithunzi chikadutsa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, EXIF imachotsedwa, ndipo palibenso chouza foni ya kasitomala kuti manambalawa ndi a Adobe RGB. Kumalo otsukira zithunzi n'chimodzimodzi: makina a Fuji Frontier ndi Noritsu kawirikawiri amaikidwa kuti azilandira sRGB, ndipo wotsukayo sadzakufunsani. Mudzangolandira envelopu ya zithunzi 200 zotuwa, n'kuyamba kukangana naye za pepala ndi mankhwala pomwe cholakwa chinachitikira mu menyu yanu.

Kudziwa kuti mwagwa m'dzenje limeneli sikuvuta. Yang'anani dzina la fayilo. Pa Canon, IMG_0001 ndi sRGB, pomwe _MG_0001 ndi Adobe RGB. Pa Nikon, DSC_0001 imasanduka _DSC0001. Kamzere kapansi kakakhala koyambirira, ndiye kuti ndi Adobe RGB.

Kukonza kwake kuli ndi msampha wina. Mu Photoshop pitani pa Edit, musankhe Convert to Profile, kenako sRGB IEC61966-2.1. Musasankhe Assign Profile n'kuika sRGB, chifukwa Assign imangosintha chizindikiro osasintha manambala, ndipo kusuluka kuja mumakukhomerera nokha. Assign imagwira ntchito pamene fayilo yataya chizindikiro chake: yambani mwaiuza kuti ndi Adobe RGB, mitundu ibwerere, kenako Convert. Mu Lightroom ndi zachidule, potulutsa zithunzi musankhe sRGB pa File Settings.

Pa kusalala kwa mitundu sRGB imapambananso pang'ono, popeza masitepe 256 omwewo mu Adobe RGB amatambasulidwa pa malo aakulu, ndiye thambo likhoza kuonetsa mizeremizere mukalikoka kwambiri pokonza.

Nanga RAW? Apa mkangano wonse umatha mphamvu. Fayilo ya RAW imasunga zimene sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, yaona zisanakonzedwe kukhala JPEG, ndipo Color space siikhudza. Chimene chimasintha ndi kachithunzi ka JPEG kobisika mkati, kamene mumaona kumbuyo kwa kamera, pamodzi ndi histogram yake, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi. Ena ojambula RAW yokhayokha amaika Adobe RGB kuti histogram isamafulumire kuonetsa kuti mtundu wina wapsa, kutanthauza kuti wapyola malire, ndipo chifukwa chimenechi n'chomveka. Koma mukajambula RAW ndi JPEG nthawi imodzi kuti JPEG muzitumiza msangamsanga, JPEG imeneyo imatuluka ndi vuto lonse lija. Dziwaninso kuti mapulogalamu a opanga makamera, monga Digital Photo Professional ndi NX Studio, akhoza kutsatira zimene munasankha pa kamera, choncho onani bwino potulutsa.

Adobe RGB ili ndi malo ake, ndipo sitingaikane. Ngati mukujambula minda ya tiyi ku Thyolo kuti ikalowe mu kalendala kapena magazini, osindikiza apempha okha Adobe RGB, muli ndi monita yoonetsa mitundu imeneyo monga BenQ SW kapena Eizo ColorEdge, kapena mumasindikiza nokha pa printa ya inki 10 kapena 12 monga Epson SureColor P900 ndi Canon PRO-1000, kubiriwira kowonjezerako kudzaoneka papepala. Koma tcheni chonsecho, kuyambira kamera, monita mpaka printa, chiyenera kukhala chathunthu. Malaputopu ambiri otchipa satha kuonetsa ngakhale sRGB yonse, ndiye pa sikirini yotere mukukonza mitundu imene maso anu sakuiona.

Ngakhale pa ntchito yotereyi njira yabwino si JPEG ya Adobe RGB. Jambulani RAW, mukonze mu 16-bit, imene ili ndi masitepe ambiri kuposa 256, ndipo mutulutse fayilo ya TIFF ya Adobe RGB ya osindikiza, ndi JPEG ya sRGB ya wina aliyense. Pa kamera penipeni siyani sRGB. Ndipo mukagula kamera yakale kwa munthu kapena kubwereka ya mnzanu kukajambula ukwati, jambulani chithunzi chimodzi, muone dzina la fayilo musanatuluke m'nyumba.