Windows 10 ndi Windows 11 mu shopu yanga ku Limbe patapita miyezi

Mu shopu yanga yotayipa ndi kusindikiza muli makompyuta awiri, imodzi ya Windows 10, inayo ya Windows 11. Papita miyezi ndithu zikugwira ntchito moyandikana, ndipo pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma CV, makalata ofunsira ntchito kapena mapulogalamu a ukwati, kusiyana n'kochepa. Word ndi yomweyo, printer ndi yomweyo.

Ya Windows 11 imayaka msanga, koma chinsinsi chake ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk) ndi RAM ya 8GB. Inayo ikadali ndi hard disk, moti magetsi akathima n'kuyakanso, kasitomala amaima pakauntala ndi pepala lake m'manja, ife tikuyang'ana timadontho tikuzungulira pa sikirini.

Chimene ndakonda kwambiri pa 11 ndi ma tab a File Explorer. Flash ya kasitomala imakhala pa tab imodzi, foda yanga pa ina, osatsegula mawindo ambirimbiri. Batani la Start lomwe lili pakati ndinalibwezera kumanzere kudzera mu Settings. Chomwe sindinazolowerebe ndi right click, chifukwa zina zomwe ndimafuna zimabisala pansi pa Show more options, ndipo ukamachita zimenezi tsiku lonse dzanja limatopa. Pa nkhani ya bundle onse awiri ndi adyera, choncho intaneti ndinaitchera pa metered connection kuti ma update akuluakulu asamangotsika okha.

Koma nkhani yaikulu ndi chitetezo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, patatha zaka khumi chiitulutsireni mu 2015. Kompyuta imayakabe bwinobwino, kungoti zigamba zotseka mipata ya ma virus sizibweranso, pokhapokha utalembetsa ESU, dongosolo la Microsoft lopitiriza kutumiza zigambazo, lomwe limangowonjezera kanthawi. Kwa ine amene ndimalandira ma flash ochokera kulikonse, ku Ndirande, ku Bangwe, kwa ana a sukulu, imeneyi si nkhani yocheza. Flash iliyonse tsopano imayamba yalowa mu ya Windows 11.

Kukweza yakaleyo sikutheka mwa njira yoyenera. Windows 11, yomwe inatuluka mu October 2021, imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta), ndipo processor ikakhala ya Intel iyenera kukhala ya 8th generation kupita m'mwamba, pomwe yanga ndi Core i5 ya 6th. Alipo anyamata m'tauni muno omwe amaikakamiza 11 pa makina akale, ndipo imayakadi, koma palibe chitsimikizo choti ma update adzapitirira kubwera. Ndiye mukamagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, musakhutire poona 11 pa sikirini. Lowani mu Settings, System, About, muwerenge nambala ya processor: i5-8500 ndi ya 8th, i5-6500 ndi ya 6th. Yanga yakaleyo ndaichotsa pa intaneti, ingotsala yotayipira basi.