Kholo lopeka kapena kholo lobwereka pomanga chiyankhulo chatsopano

Anthu amene amapeka ziyankhulo pongofuna kusangalala amasiyana maganizo pa nkhani ya kumene kholo la chiyankhulo chatsopanocho, kutanthauza chiyankhulo chakale chimene chatsopanocho chimaoneka ngati chinachokerako, liyenera kuchokera. Ena amalipeka okha, pamene ena amabwereka limene linalipo kale.

Mlembi wa mabuku J.R.R. Tolkien ankapeka yekha. Anayamba ndi masinde a mawu a chiyankhulo chakale chongopeka cha Primitive Quendian, kenako n'kuwadutsitsa m'malamulo osiyanasiyana a kusintha kwa katchulidwe. Mawu akuti *alkwā (kanyenyeziko kakusonyeza kuti ndi mawu a kholo), dzina la mbalame yoyera ya m'madzi ya khosi lalitali, anasanduka alqua m'Chiquenya koma alph m'Chisindarin, ziyankhulo ziwiri zimene anazipeka kuchokera ku kholo limeneli, chifukwa m'Chisindarin kw anakhala p, ndipo p wotsatana ndi l anafewa n'kumveka ngati f. Phindu la njirayi n'lakuti mawu osatsata lamulo, amene amachititsa chiyankhulo kumveka ngati chayankhulidwa ndi mibadwo yambiri, amabadwa okha popanda wopekayo kuwakakamiza. Vuto lake n'lakuti munthu amamanga ziyankhulo ziwiri kuti apeze chimodzi, ndipo akasintha tsinde limodzi la kholo, ana onse amagwedezeka. Tolkien mwiniwake anamwalira mu 1973 akukonzabe, ndipo mndandanda wake wa masinde, The Etymologies, umene anaulemba m'zaka za m'ma 1930, unasindikizidwa mu 1987.

Obwereka amapewa theka la ntchito imeneyi. Andrew Smith wa ku New Zealand anayamba Brithenig mu 1996 potenga Chilatini n'kuchisintha monga mmene Chiwelshi chinasinthira, ndipo Jan van Steenbergen anachita zofanana ndi Wenedyk mu 2002, koma potsata Chipolishi. Kwa ife pali kholo lina lapafupi, la ziyankhulo za Chibantu, limene Malcolm Guthrie analifotokoza m'mabuku anayi a Comparative Bantu pakati pa 1967 ndi 1971. Tsinde *-ntu ndi limene linabala munthu kwathu, umuntu m'Chizulu ndi mtu m'Chiswahili, ndipo h wa mu munthu ndi chipsera cha lamulo lathu lakuti t wotsatana ndi n amatuluka ndi mpweya. Wofuna kupeka mlongo wake wa Chichewa ali nazo kale zomangira m'kamwa mwake. Komabe wobwereka ndi womangika, popeza odziwa mbiri ya ziyankhulo amaona msanga pamene walakwitsa, ndipo chimene wamangacho sichingathawe nkhope ya achibale ake.

Pali enanso amene amamaliza chiyankhulo kaye n'kumachifunira kholo pambuyo. Zimatheka, koma nthawi zambiri zimathera m'malamulo ongopangira mawu amodziamodzi.

Mapulogalamu a pakompyuta monga SCA² ya Mark Rosenfelder ndi Lexurgy amathandiza mbali zonse ziwiri, chifukwa amagwiritsa malamulo pa mawu onse nthawi imodzi, ndipo amaonetsa poyera kuti kusinthanitsa malo a malamulo awiri okha kumabala mawu ena kotheratu. Ine ndimalangiza woyamba kumene kuti abwereke, kuti aphunzire pa zosintha zimene zinachitikadi. Akafuna kudzapeka kholo lake, lisakhale chiyankhulo chathunthu: masinde 200 kapena 300, zilembo zake ndi kamangidwe ka mneni n'zokwanira kuti ana awiri ayambe kusiyana.