Pa ola, pa mita kapena mtengo umodzi: katchajidwe ka ntchito yotsuka ndi makina kuno ku Joni

Masabata awiri apitawo mnyamata wina wa kwathu, amene timapemphera limodzi ku Randburg, anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi n'kundionetsa zithunzi pa foni yake. Anali atatsuka paving (bwalo loyalidwa njerwa) ya pakhomo pa bwana wina ku Fourways, kuyambira pa geti mpaka pa galaja, ndipo kunena zoona ntchitoyo inali yaukhondo. Ndinamufunsa kuti anatchaja zingati. Anati R350. Nanga nthawi? Tsiku lathunthu ndi theka la tsiku lotsatira. Makina opopera madzi mwamphamvu anali ake, galimoto yonyamula makinawo analipira yekha popita ndi pobwera, ndiponso anagula matumba a mchenga wobwezeretsa m'mipata ya njerwa chifukwa madamu anadandaula kuti njerwa zayamba kugwedera. Titawerengera pa kapepala pomwepo, tinapeza kuti anagwira maola 12 ndipo zotsala m'thumba sizinafike R100. Malipiro ochepetsetsa amene boma la South Africa linakhazikitsa mu Marichi 2025 anali R28.79 pa ola. Akanangopita kukadula kapinga kwa maola omwewo, akanabwera ndi R345 popanda kugula makina aliwonse.

Nkhani yake inandikhudza, chifukwa mnyamatayu si waulesi ndipo manja ake ndi abwino. Chimene chinamusowa ndi munthu womuuza mmene mtengo umapangidwira. Ambiri a ife tinalowa ntchitoyi kuchokera ku maganyu a m'munda, ndiye timabwera ndi maganizo a munthu wolipidwa pa tsiku, pamene tsopano tili ndi mpamba wofunika kuubweza. Njira zotchajira zimene ndaziyesa ndi zitatu, ndipo iliyonse ili ndi pamene imakuthandiza ndi pamene imakudyera.

Ndiyambe ndi ya pa ola, kapena pa tsiku, chifukwa ndi imene woyamba kumene amathamangira. Ubwino wake ndi woonekeratu: ngati ntchito yakula kuposa mmene unkaganizira, suluza nthawi yako. Kwa munthu amene sanadziwe kuti malo a masikweya mita 100 amamutengera maola angati, zimenezi zimapatsa mtendere. Koma kasitomala akamva mawu akuti "pa tsiku", m'mutu mwake mumabwera ndalama imene amalipira munthu wa m'munda Lachiwiri lililonse, ndipo sungamukokenso kuchoka pamenepo. Makina ako, mafuta ako, mapayipi ako, zonsezo amaziona ngati zangobwera nawe ngati mmene wosesa amabwerera ndi manja ake.

Palinso china choipa kwambiri pa njira imeneyi: imalanga munthu wachangu. Makina aang'ono amagetsi ngati Kärcher K2 amatulutsa malita 360 pa ola pa mphamvu ya 110 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu imene madzi amatuluka nayo). K5 amafika malita 500 pa 145 bar. Makina apetulo okhala ndi injini ya Honda GX390 nthawi zambiri amatulutsa pafupifupi malita 15 pa mphindi, kutanthauza malita 900 pa ola. Anthu atsopano amayang'ana nambala ya bar yokha pa bokosi, koma chimene chimafulumizitsa ntchito ndi kuchuluka kwa madzi okokolola dothi. Ukalumikizanso surface cleaner, chimbale chija chokhala ndi timikono tozungulira pansi pake, malo amene mnzako wa K2 akuvutika nawo tsiku lonse iwe umawamaliza nkhomaliro isanakwane. Ndiye taganizani, wasunga ndalama chaka chonse, wagula makina abwino, ndipo chifukwa choti umatchaja pa ola malipiro ako atsika. Amene anagwira ntchito ndi makina amagetsi mu 2023, chaka chimene magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, akukumbukiranso mkangano wa maola awiri amene unakhala pa khonde kudikira kuti ayake. Ndani alipire maola amenewo? Ine ndimagwiritsa ntchito njira ya pa ola pa tizinthu tomwazikana tokha: mipando ya panja, malo owotchera nyama, mabini, khola la agalu. Zimenezi suziyeza ndi tepi.

Njira yachiwiri, ya pa sikweya mita, ndi imene makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito, ndipo oyang'anira ma complex (nyumba zambiri za mu mpanda umodzi) amaifuna chifukwa amafunika kuika makoteshoni awiri kapena atatu patebulo la komiti yawo n'kuwayerekeza. Imafuna tepi, kapena chida choyezera mtunda cha pa Google Maps ngati malowo akuoneka bwino kuchokera kumwamba. Imakuchotsa m'gulu la aganyu n'kukuika m'gulu la amisiri, ndipo ukafulumira phindu ndi lako.

Vuto lake ndi lakuti mita ina si yofanana ndi inzake. Paving ya padzuwa imene yangogwira fumbi la nyengo yozizira imayera ndi madzi okha. Ya kummwera kwa khoma, kumene dzuwa silifika bwino kuno kummwera kwa dziko lapansi, imakhala yobiriwira ndi ndere ndipo imaterera. Imeneyo ukangoipopera ndi madzi, ndere zimabwerera posachedwa ndipo kasitomala amati unamubera. Imafuna mankhwala a sodium hypochlorite, omwe ali mu Jik koma amphamvu kuposa apakhomo, uwasiye agwire ntchito kenako utsuke, uku ukuthirira maluwa a madamu kuti asapse. Pansi pa mtengo wa jacaranda, maluwa akayoyoka mu Okutobala ndi Novembala n'kupondedwa ndi matayala, pamakhala mathothomathotho omata. Pamene galimoto imadontha oyilo pamafuna mankhwala ena osungunula mafuta, ndipo nthawi zina dontholo limangochepa, osatha. Madzi a pa borehole okhala ndi chitsulo amasiya dzimbiri lofiirira pa khoma limene mphamvu ya madzi siingachotse. Munthu watsopano amaona mtengo wa pa mita pa Facebook kapena pa Gumtree, amachotsapo pang'ono kuti akope kasitomala, osadziwa ngati mtengowo ukuphatikiza mankhwala ndi mchenga kapena ayi. Safunsa anadya phula.

Msampha wina wa njira imeneyi ndi ntchito zazing'ono. Tiyerekeze kuti umatchaja R15 pa mita ndipo munthu akufuna kakhonde ka mamita 15. Imeneyo ndi R225. Kukweza makina m'galimoto, kudutsa mzinda pa msewu waukulu wa N1 m'mawa, kutsitsa, kulumikiza mapayipi, kupinda zonse pomaliza, nthawi yake ndi yofanana kaya ukutsuka mamita 15 kapena 150. Choncho aliyense wotchaja pa mita ayenera kukhala ndi ndalama imene satsika nayo pa ulendo umodzi, ndipo aitchule pa foni asananyamuke.

Yachitatu ndi kupereka mtengo umodzi wa ntchito yonse. Eni nyumba amakonda imeneyi kuposa zonse, chifukwa amadziwiratu chimene atulutse. Ndi imene ndimagwiritsa ntchito kwambiri masiku ano, komanso ndi imene inandipweteka koopsa pamene ndinkayamba. Munthu wina anandituma zithunzi zitatu pa WhatsApp, ine n'kupereka mtengo ndili pa mphasa kunyumba. Nditafika ndinapeza kuti zithunzizo zinkaonetsa kutsogolo kokha, koma njerwa zinazungulira nyumba yonse mpaka ku dziwe losambira. Mpopi wa panja unkatulutsa madzi ochepa kuposa amene makina anga amakoka, ndiye ndinkadzaza mgolo, kupopera mphindi zingapo, kuima, kudzazanso. Pampu siifuna kuyenda yopanda madzi, ndipo ukaisiya ikulira osafinya mfuti yopoperayo, madzi a mkati amatentha n'kuwononga malabala ake. Pamwamba pa izo, penti ya pa kakhoma ka m'mbali inali itatopa kale, madzi atangoikhudza inasendeka, ndipo ndinagula chitini cha penti ndi ndalama zanga. Ntchito imene ndinaiwerengera maola anayi inadya masiku awiri.

Kuchokera tsiku limenelo sindipereka mtengo ndisanaponde pamalopo. Ndimayeza ndi tepi, ndimatsegula mpopi n'kuona kuti chidebe cha malita 20 chidzaza mu nthawi yotani, ndimayang'ana kumene madzi akuda adzapite, ndimakanda penti ndi chikhadabo mwini wake akuona. Ngati ndikukayika, ndimatsuka kamalo kamodzi kofanana ndi chitseko kuti tonse tione mmene patulukire. Mumtima ndimawerengera pa mita, ndimaonjezerapo zovuta zimene ndaona, koma kwa kasitomala ndimatchula nambala imodzi. Kenako ndimalemba pa WhatsApp: paving ya kutsogolo ndi ya m'mbali, mamita akutiakuti, mankhwala a ndere, mchenga wobwezeretsa, khoma ndi mawindo palibe. Uthenga umenewo ndi umene umakuteteza madamu akabwera ndi mawu aja tonse timawadziwa, akuti "popeza muli pano kale, tangopoperaninso apa". Ndimayankha mwaulemu kuti ndingathe, ndipo mtengo wake ndi uwu.

Kunena mwachidule, njira yachiwiri ndi yachitatu zimayenda limodzi, ya pa mita ikhale m'kope mwako ndipo ya mtengo umodzi ikhale pakamwa. Koma zonse ziwiri n'zopanda ntchito ngati nambala ya pa mitayo unangoitola kwa wina. Iyenera kuchokera pa zimene iwe umawononga: petulo wa makina ndi wa galimoto, oyilo wa injini ndi wa pampu, mankhwala, mchenga, mnyamata wokuthandiza kukoka payipi, ndi kangachepe koika padera ka tsiku limene payipi idzaphulike kapena windo la mwini lidzasweke. Makinawonso amatha. Ngati sukusunga kanthu pa ntchito iliyonse, tsiku limene adzaime udzabwerera ku munda wa bwana wopanda chilichonse chosonyeza zaka zimene wagwira.

Za madenga ndinene mosapsatira: woyamba kumene asatchaje denga ndi mtengo wa paving, ndipo akanachita bwino kuyamba wagwira ndi munthu wodziwa. Matailosi onyowa amaterera, amasweka ukaponda polakwika, ndipo madzi opopera chokweza amalowa pansi pawo n'kuwononga siling'i. Nyumba zambiri zakale zikadali ndi malata a asbestos, ngakhale dziko lino linaletsa asbestos mu 2008. Denga lotero musalipopere pa mtengo uliwonse, chifukwa madzi amphamvu amatakasa timaulusi take, matopewo akauma fumbi lake mumalipuma inu ndi ana a pakhomopo. Abale athu a ku Cape Town ali ndi china choonjezera: pa chilala cha 2018, pamene munthu ankaloledwa malita 50 okha pa tsiku, kutsuka paving ndi madzi akumwa a mumzinda kunaletsedwa, ndipo amene anapitiriza ntchito ndi amene anali ndi thanki yonyamula madzi awoawo. Madzi onyamula okha ali ndi mtengo wake.

Tsopano za kutsitsa mtengo pofuna kupeza makasitomala oyamba. Ndimamva anzanga akale pa ntchitoyi akukwiya kuti anyamata atsopano akuwononga msika. Mkwiyowo ndimaumvetsa, koma munthu wopanda chithunzi ngakhale chimodzi cha ntchito yake, amene lendi ikumudikira kumapeto kwa mwezi, alowera pati? Kutsitsa kulipo kwa mitundu iwiri. Wina amangotchula nambala yotsika ngati kuti ndiwo mtengo wake. M'ma estate muno, madera aja a nyumba otchingidwa ndi mpanda, anthu ali ndi magulu a WhatsApp, ndipo madzulo omwewo nambala yako ya foni imafalikira pamodzi ndi R350 ija. Chaka chamawa ukanena R1 200 pa ntchito yofanana, amakuona ngati wakuba. Wina amalemba mtengo weniweni, pansi pake n'kulemba kuti wachotsapo zakutizakuti chifukwa ndi ntchito yoyamba pakhomopo, ndipo apempha chilolezo chojambula zithunzi malo asanatsukidwe ndi atatsukidwa. Ndalama yolowa m'thumba tsiku limenelo ikhoza kufanana, koma wachiwiriyu wasiya nambala yoyenera m'mutu mwa kasitomala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa mtengo ndi chimene mtengo wotsika umamuchititsa munthu. Akazindikira pakati pa tsiku kuti akuluza, amayamba kuthamanga. Amachotsa nozzle (kamlomo kotulukira madzi) yobiriwira yomwaza madzi pa madigiri 25 kapena yoyera ya 40 n'kuika yofiira, ija yotulutsa madzi ngati nsonga ya mkondo, poganiza kuti ifulumiza. Imalemba mizere pa simenti, imafukula dothi la pakati pa njerwa za khoma, imatukumula matabwa a pakhonde ngati ubweya, ndipo ikakhudza phazi imang'amba khungu. Amalawi tili ndi mbiri yabwino m'makomo a kuno, mpaka anthu polemba zofuna wantchito amatchula dziko lathu. Mbiri imeneyo inamangidwa ndi anthu ambiri kwa zaka zambiri, ndipo khonde limodzi lowonongeka limakambidwa m'gulu la estate yonse. N'chifukwa chake ndimati ife akale tisabise manambala athu kwa ana a kwathu.

Loweruka lapitali mnyamata uja anapeza ntchito ina ku Northriding, ndipo tinapita limodzi kukayeza. Tepi inatipatsa mamita 86, mbali ina ili pamthunzi yodzaza ndere. Chidebe chinadzaza msanga, ndiye za madzi panalibe nkhawa. Tinakhala m'galimoto n'kuwerengera mayendedwe, mankhwala ndi matumba atatu a mchenga, ndipo analemba yekha uthengawo, chala chikunjenjemera pa nambala imene anali asanatchulepo kwa munthu. Mwini nyumba anayankha madzulo, anapempha kuti achotseko R100, ndipo anagwirizana za Lachinayi. Ndamubwereka surface cleaner yanga ya tsiku limenelo.