Makina a jimu kapena zitsulo zonyamula: ndalama yanu ipite kuti?

Anyamata a kwathu ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa, muno mu Harare, andifunsa mpaka ndatopa: achimwene, ndapezako kangachepe, ndigule makina aja okhala ndi zonse pamodzi, kapena ndigule zitsulo? Ngati n'zoika kunyumba, gulani zitsulo. Koma musamvere zija amanena anyamata a zifuwa zotukumuka kuti makina ndi a anthu aulesi. Nkhani ili pa chingwe cha makinawo.

Za kukula kwa minofu tisatayirepo nthawi. Mnofu sudziwa ngati ukulimbana ndi dumbbell (kachitsulo konyamula ndi dzanja limodzi) kapena ndi makina. Ukamalemedwa, n'kumawonjezeredwa katundu pang'onopang'ono, umakula. Ngakhale a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amangoti munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku osachepera 2 pa sabata, satchula chida. Kusiyana kulipo n'kwakuti mphamvu imatsata chimene thupi lazolowera. Wokankha leg press (makina okankha katundu ndi miyendo) miyendo imalimbadi, koma thumba la simenti la makilogalamu 50 likafunika kutolapo pansi, amene amachita deadlift (kudzutsa chitsulo cholemera kuchokera pansi) ndi amene savutika, chifukwa msana, mimba ndi zala zake zinaphunzira kugwira ntchito pamodzi.

Tsono chingwe. Makina anga ndinawagula kwa bambo wina wogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, yemwe analumbira kuti zipangizo zake zimapezeka paliponse m'tauni muno. Pa mtengo umene tinagwirizana panalibe ndalama ya lole yonyamula, panalibenso ya mmisiri wodzalumikiza, ndipo zonsezi anazitchula nditalipira kale. Ndinapirira. Kenako pulasitiki yokuta chingwe inayamba kung'aluka, timawaya tinayamba kutuluka, tsiku lina ndikukoka lat pulldown (mbali yokokera ndodo kuchokera m'mwamba) chinangoti thu! zitsulo zonse pansi khu, mayi a nyumba n'kutuluka kudzaona ngati khoma lagwa.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti pa makina ambiri a kunyumba chingwe chimodzi chimadutsa m'timawilo tambirimbiri n'kumatumikira mbali zingapo. Chikaduka, zafa zonse nthawi imodzi. Ndipo si chingwe chilichonse: kutalika kwake, kunenepa kwake ndi mitu ya kumapeto zimayenera kufanana ndi za mtundu womwewo wa makina. Bambo uja ndinamuimbira, nambala yanga anasiya kuiyankha. Mmisiri wina anandiikira waya wosakutidwa, wayayo n'kuyamba kudya timawilo tapulasitiki. Chotsala chinali kutuma anthu opita ku Johannesburg, kulipira madola, n'kumadikira osadziwa ngati chobweracho chidzakwana. Nthawi yonseyo chimakinacho chadzaza theka la chipinda cholipira lendi, ntchito yake kuyanikapo matawulo.

Chitsulo chilibe zonsezi. Barbell (ndodo yaitali yachitsulo) ndi mbale zake zovekera kumapeto mungazigule lero, adzanyamulenso adzukulu anu. Dzimbiri likagwira, n'kungopala ndi kupakapo mafuta. Benchi ndi poikapo barbell amakuwotchererani ku msika wa amisiri wa Siyaso, ku Mbare. Mungoonetsetsa mmene awotcherera ndipo mukhalepo n'kuigwedeza musanapereke ndalama. Mukasamuka nyumba, mbale ndi ma dumbbell zimalowa m'buti ya galimoto yaing'ono.

Nazonso zitsulo zili ndi msampha wake, wa bowo. Pali mbale za bowo la mamilimita pafupifupi 25, palinso za Olympic za mamilimita 50, ndipo sizilowerana. Mukayamba ndi mtundu umodzi, khalani nawo, apo ayi mugula kawiri. Barbell ya Olympic ya amuna imalemera makilogalamu 20 payokha, ya amayi 15, choncho muziiwerengera. Zija za simenti yothira m'zitini za penti, tonse tinayambira pomwepo ndipo sindizinyoza, koma mbali ziwiri sizilemera mofanana, phewa limodzi n'kumavutika chaka chonse. Mbale zopangidwa ndi amisiri muziziika pa sikelo, musakhulupirire nambala yolembedwa ndi penti. Ndipo bench press (kukankha barbell mutagona chagada pa benchi) yolemera musamachite muli nokha m'nyumba. Chitsulo chikakukanikani pachifuwa palibe wokuchotserani.

Apa m'pamene makina amapambana, ndivomere. Woyamba kumene, mayi kapena bambo wachikulire, ndi amene akuchira bondo kapena msana, makina amamugwirira njira, sagwa nazo, ndipo kusintha kulemera n'kungosuntha kapini. Kungoti nambala zake zimanyenga: pa makina ena timawilo timagawa katundu pakati, moti pamene palembedwa 40 manja anu akukoka 20. Ndiye musabwere kudzatiuza kuti mumanyamula zoposa ife.

Za magetsi, zonse ziwiri sizidalira. Chimene chimaima akathima ndi treadmill, makina othamangirapo aja.

Ngati mtima wanu uli pa makina, kalipireni jimu pamwezi, chingwe chikaduka chikhale mutu wa mwini wake. Musanalembetse funsani ngati pali ndalama yolowera yapadera, ngati mukumangidwa miyezi ingapo, komanso yendani m'katimo cha m'ma 5 koloko madzulo muwerenge makina amene apachikidwa pepala loti awonongeka. Koma kandalama kogulira chanuchanu, yambani ndi ma dumbbell awiri osinthika kulemera, kenako barbell, benchi pambuyo.