Ndemanga: National Museum of African American History and Culture, Washington. Musaphonye zovala za Carlotta

Nyenyezi zisanu. Kulowa n'kwaulere, koma tengeranitu tikiti pa intaneti musananyamuke, chifukwa amalowetsa anthu motsatira nthawi imene yalembedwa pa tikitiyo. Nyumba yosungiramo mbiri ya anthu akuda a ku America imeneyi idatsegulidwa mu 2016 ndipo ili pafupi ndi Washington Monument, simungasochere.

Mbiri imayambira pansi penipeni. Chikepe chimakutsitsirani ku nthawi ya ukapolo, kenaka mumakwera pang'onopang'ono wapansi, zaka zikusintha. Zinthu zikuluzikulu zilipo, monga bogi ya sitima ya Southern Railway imene inkalekanitsa okwera akuda ndi azungu, ndiponso bokosi la maliro la Emmett Till, mnyamata wakuda amene adaphedwa ndi azungu mu 1955, kumene salola kujambula. Anthu amaunjikana kumeneko. Koma chimene ndikufuna muyime nthawi yaitali n'chaching'ono, ndipo ambiri ndidawaona akungochipitirira.

Ndi siketi ndi bulauzi za nsalu imodzi, yoderapo, yodindidwa tizilembo ndi timanambala. Mwini wake ndi Carlotta Walls, wamng'ono kwambiri mwa ana asanu ndi anayi akuda amene adapita kukayamba sukulu ya azungu ya Central High ku Little Rock, m'chigawo cha Arkansas, mu 1957. Anali ndi zaka 14. Mukayang'ana chiuno chake mudzamvetsa kuti analidi mwana.

Khoti lalikulu la dziko la America lidali litagamula kale mu 1954, pa mlandu wa Brown v. Board of Education, kuti kulekanitsa ana kusukulu potengera khungu n'kosemphana ndi malamulo. Koma pa 4 Seputembala 1957, bwanamkubwa wa Arkansas, Orval Faubus, adayimika asilikali a chigawocho a National Guard pakhomo kuti anawo asalowe, chikhamu cha anthu chikukuwa ndi kutukwana. Zidatengera Pulezidenti Eisenhower kutumiza asilikali a boma lalikulu a gulu la 101st Airborne kuti anawo alowe mowaperekeza pa 25 Seputembala.

Chidandigwira mtima ndi momwe zovalazo zidapezekera. Kwawo kwa Carlotta mayi ake ankasoka okha zovala za ana. Koma pa tsiku limeneli wachibale wina wamkulu adapereka madola 20 kuti mtsikanayo avale zogula m'sitolo. Aliyense amene adagonapo yunifolomu yatsopano ili yosita pampando, mawa akukayamba fomu wanu, akudziwa zimene zinali m'mutu mwa banja lija. Iwo ankakonzekeretsa mwana wa sukulu, kuti asakanyozeke pamaso pa anzake. Sadamusankhire zovala zoti athawe nazo kapena kulavuliridwa. Zithunzi za masiku amenewo n'zopanda mtundu ndipo zimachititsa nkhaniyi kuoneka ngati ya makedzana. Nsalu yeniyeni, mabatani ake mukuwaona pafupi kuseri kwa galasi, imakukumbutsani kuti mwini wake ndi wa msinkhu wa agogo athu omwewa.

Mayi ake adazisunga kwa zaka zambirimbiri zisanaperekedwe kunoko, ndipo zidapulumuka ngakhale nyumba yawo idaphulitsidwa ndi bomba mu 1960. Carlotta sadasiye. Adamaliza pa Central High chaka chomwecho.

Za chisamaliro, antchito ndi aulemu ndipo mukafunsa njira amakulozerani bwinobwino. M'zipinda zapansi kuwala n'kochepa, ndiye ngati maso amakuvutani musaiwale magalasi, timawu tofotokozera zinthu n'tofunika kuwerenga. Valani nsapato zofewa, kuyenda n'kwambiri. Ana a sukulu amabwera m'magulu, choncho nthawi zina mumadikira pang'ono kuti mufike pagalasi. Ine sindidadandaule, ndiwo oyenera kuziona.

Mukatopa, Sweet Home Café ili mommo, ndipo nkhuku yokazinga ndi masamba a collard zidandikhutitsa. Patulani tsiku lathunthu. Ngati muli ndi mtsikana wa kusekondale, mutengeni.