Batman wa Miller kapena wa Reeves: muyambe ndi uti?

Munthu ndi yemweyo, Bruce Wayne wa mumzinda wa Gotham, wolemera, wamasiye, woyenda usiku kumenya zigawenga. Koma buku la zithunzi la Frank Miller, The Dark Knight Returns la 1986, ndi filimu ya Matt Reeves, The Batman ya 2022, akuyankha mosiyana funso limodzi: boma likalephera, ndani ali ndi ufulu wolanga?

Kwa Miller yankho ndi munthu wamphamvu. Bruce ali ndi zaka 55, wakhala zaka 10 osavala chigoba cha Batman, ndipo achinyamata a gulu la Mutants atenga mzinda. Amamenyana ndi mtsogoleri wawo m'dzenje la matope onse akuonerera, n'kumuthyola. Ena mwa anyamatawo amangosintha dzina, n'kudzitcha Sons of the Batman, nkhanza n'zomwezija koma tsopano akuzichitira akuba. Magetsi atazima chifukwa cha bomba la Soviet Union, Batman amabwera pa hatchi, amathyola mfuti pamaso pawo, n'kuwauza kuti usiku umenewo lamulo ndi iyeyo. Ndipo zimatheka ndithu. Gotham amakhala bata pamene mizinda ina ili pachipwirikiti, boma limachita manyazi n'kutuma Superman kuti akamuletse. Miller amaika anthu a pa wailesi yakanema akukangana ngati Batman ndi ngwazi kapena chigawenga, koma sikelo yake ndi yopendekera. Otsutsa ambiri amawajambula ngati zitsiru kapena amantha.

Reeves akutenga nkhani yomweyi ya otsanzira n'kuitembenuza. Batman wa Robert Pattinson ali m'chaka chachiwiri chabe, ndipo akamenya munthu amadzitchula kuti iye ndiye kubwezera. Riddler, yemwe anakulira kumalo osungirako ana amasiye, akupha akuluakulu omwe anadya ndalama za thumba lomwe Thomas Wayne, bambo wake wa Bruce, anakhazikitsa kuti litukule mzinda. Ali m'ndende ya Arkham, Riddler amauza Batman mosangalala kuti ntchitoyi aigwira limodzi, kuti chigoba chija ndi chomwe chinamulimbitsa mtima. Pamene pamandigwira mtima ndi kumapeto, madzi atasefukira mumzinda: wotsatira wina wa Riddler, atamuvula chigoba n'kumufunsa kuti ndiwe ndani, amayankha ndi mawu a Batman omwe aja. Batman amangoti kakasi. Kenaka amayatsa muuni wofiira n'kutsogolera anthu m'madzimo.

Ife amene tinaonapo khamu litazinga mbava yogwidwa pamsika, wina akukuwa kuti bweretsani tayala, tikudziwa kuti wodzitengera lamulo m'manja sakhala yekha nthawi yaitali. Apa Reeves ndiye akunena zoona. Miller akukhulupirira kuti khamu likapeza mtsogoleri wolimba limawongoka, ndipo ine sindikuvomereza.

Pa luso, Miller ali patsogolo. Masamba ake ogawidwa tizigawo ting'onoting'ono, mpaka 16 pa tsamba, amakupanikiza kenaka n'kukutsegulira chithunzi chimodzi chodzaza tsamba lonse, ndipo Carrie Kelley, mtsikana wa zaka 13 yemwe amakhala Robin, wothandizira Batman, amabweretsa moyo. Filimu ya Reeves ndi ya maola pafupifupi atatu, yamdima, ndipo pakati imakoka mapazi. Komabe ngati simunayambe, onerani ya Reeves kaye. Mukadzafika pa Batman wa pa hatchi uja mudzakhala ndi mafunso omufunsa.