Buku lolembamo zizindikiro za MS: ndi lothandiza, koma mizere yake ndi yothinana

Ndimadwala multiple sclerosis, kapena kuti MS, matenda ogwira minyewa ya mu ubongo ndi mumsana, ndipo bukuli ndinaligula chifukwa adokotala akandifunsa kuti ndakhala bwanji, ndinkangoyankha kuti "zikusinthasintha". Pamadutsa miyezi ndisanaonane nawo, ndiye pofika tsikulo zambiri ndimakhala nditaiwala. Paja kuiwalaiwala nakonso kumabwera ndi matenda omwewa.

Tsamba lililonse ndi la tsiku limodzi. Pamwamba pali chithunzi cha thupi la munthu, kumaso ndi kumbuyo, ndipo umangozunguliza pomwe pachita dzanzi kapena pakubayabaya. M'munsi muli timabokosi tochonga: kutopa, chizungulire, kuona mwachimbuuzi, kulimba kwa minofu, tulo ndi mankhwala.

Koma phindu lenileni lili pa kamzere kolembapo nthawi imene vuto layamba ndi imene latha, pamodzi ndi kutentha kwa thupi. Madokotala amati matendawa abukanso ngati vuto latsopano, kapena lakale lomwe lakula, latha maola 24 kapena kuposerapo, thupi lisakutentha komanso popanda matenda ena. Chitetezo cha m'thupi chikawononga chikuto cha minyewa chotchedwa myelin, minyewayo imavutika kutumiza uthenga thupi likatenthedwa. Dokotala wa maso wa ku Germany, Wilhelm Uhthoff, analemba kalekale mu 1890 za odwala MS amene maso awo ankachita chifunga kwa kanthawi akachita zolimbitsa thupi. Ine ndinazionera m'buku langa lomwe: diso lakumanzere linkachita chifunga ndikangosamba madzi otentha, thupi likazizira n'kuyeranso. Tsiku lina miyendo inalemera kwambiri, ndipo pambali ndinali nditalemba kuti ndikumva kuwotcha pokodza. Atandiyeza anapeza matenda a m'njira ya mkodzo, osati kubukanso kwa MS.

Zodandaulitsa zilipo. Mizere ndi yothinana zedi, ngati kuti amene analikonza sanaganizire za munthu amene zala zake zachita dzanzi ndipo cholembera chikumupulumuka. Palibenso bokosi la za chikhodzodzo ndi chimbudzi, chonsecho ambirife n'zimene zimativutitsa. Kaya anachita manyazi, kaya anaiwala. Kutopa akuti uzipereka nambala imodzi patsiku, kuyambira 1 mpaka 10, pomwe kutopa kwanga kwa m'mawa n'kosiyana kutalitali ndi kwa masana. Bokosilo ndinangoligawa pakati.

Sindilemba tsiku lililonse. Kumangodzifufuza thupi m'mawa ndi madzulo kumabweretsa nkhawa, choncho tsiku likayenda bwino ndimangochonga kamodzi n'kutseka. Ku chipatala ndimatsegula tsamba lachidule la kumapeto kwa mwezi, chifukwa adokotala alibe nthawi yowerenga buku lonse.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ngati manja anu amanjenjemera kwambiri, funani la masamba akuluakulu kapena pulogalamu ya pafoni yojambula mawu.